Bokosi Lopanda Misomali

Mutu 7

1. Chala cha a Osward

A Osward Mbewe anali ndi chizolowezi chimodzi chimene mudzi wonse wa Kamphasa unkachidziwa. Akafika pamaliro, asanapepese n'komwe anamfedwa, ankayamba apita pamene pali bokosi n'kuligogoda ndi chala. Likalira ngati chitini chopanda kanthu, ankapukusa mutu n'kukakhala pansi ali ndwii. Likalira molemera, ankauza amene ali pafupi kuti munthuyu anabereka ana enieni.

Kwa iwo ulemu wa womwalira unali m'matabwa, m'zogwirira zonyezimira ndi m'nkhata za maluwa. Matabwa a bokosi lawo lomwe anali atagula kale. Anali a mlombwa, ndipo ankawasunga pamitanda ya denga la nyumba yawo. Chaka chilichonse akatha kukolola ankawatsitsa, kuwapukuta fumbi ndi kuwabwezera pomwepo.

Anali mkulu wa mpingo wa Reformed, komanso malume ake a Perpetua.

Perpetua anali mu Giredi 11. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo amayi ake, a Edith, anamulera ndi khasu. Chaka chimenecho mtsikanayu analima yekha kamunda ka mtedza wa chalimbana kuseri kwa dambo. Anafukula yekha, anathothola yekha, matumba n'kuwasanja pakona ya chipinda chake. Ankadikira kuti mtengo ukwere agule njinga, chifukwa sukulu inali kutali kufupi ndi msewu wa ku Sinda, ndipo anali atatopa ndi kusesa bwalo ngati chilango cha kuchedwa.

2. Munthu wa mijigo

Kumapeto kwa mudziwo kunkakhala banja la Ayuda, lokhalo m'dera lonselo. Bambo wa pabanjapo anali a Mendel, amene anthu ankawatchula kuti a Mendelo. Anabadwira ku Ndola. Anabwera kum'mawa kuno ndi bungwe lina lokumba mijigo. Bungwelo litapita, iwo anatsala, poti mijigo imawonongeka ndipo wokonza panalibe.

Anthu ankawalipira nkhuku, maungu, nthawi zina zikomo yekha. Mbewa ndi nkhumba ankakana akuseka. Loweruka sankagwira sipanala ngakhale mjigo uthyoke pakhomo pawo. Pafelemu ya chitseko chawo panali kabokosi kakang'ono kamene ankakakhudza polowa ndi potuluka. Ana ankati n'chithumwa, mpaka Tamara, mwana wawo yekhayo, anauza Perpetua kuti m'katimo muli mawu a Mulungu olembedwa pachikopa. Atsikana awiriwa ankakhala desiki imodzi.

Lachitatu m'mawa a Mendelo anali pamjigo wa pasukulu ya pulayimale. Ananyamula paipi, anaiika pansi, anauza owathandiza kuti adikire pang'ono. Anakhala pasimenti n'kutsamira chitsulo cha mjigo. Sanadzukenso. Ku chipatala ku Katete anati unali mtima.

Uthenga utafika, ena anayamba kunong'ona kuti mzungu sasowa ndalama, ndiye chipepeso n'chachiyani. A Edith, amene anali mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano kumpingo, anali atalowa m'nyumbamo kukakhala ndi namfedwa. Anatuluka n'kuuza anthuwo poyera kuti aona okha kathumba ka ufa kotsala pang'ono kutha, ndi njinga yamoto yopanda tayala kuseri kwa chitseko. Anati amene akufuna umboni alowe akaone.

Palibe analowa. Mbale ya chipepeso inayamba kuyenda. Midzi yonse imene imamwa madzi a mijigo ya a Mendelo inatumiza kanthu, mpaka anthu a ku Vubwi anatumiza pafoni. Tamara atanena kuti kwawo sasiya mtembo wokha kufikira utaikidwa, anyamata a kwaya anapita ku Katete kukakhala pakhomo la nyumba yachisoni mosinthanasinthana. Zimenezo palibe Mchewa anafuna kumufotokozera kawiri.

Ndalama zonse zinaperekedwa m'manja mwa a Osward ngati mkulu. Lachinayi kutangocha anakwera minibasi ya ku Katete. Sanauze mlongo wawo, sanafunse namfedwa. Ankafuna kuti banjalo lione kuti anthu a ku Kamphasa amadziwa kulira munthu.

3. Bokosi lagalasi

Dzuwa lisanafike pamutu, bokosi linatsitsidwa pabwalo la a Mendelo. Linali lofiirira, lowala ngati galimoto yatsopano. Linali ndi zogwirira zachitsulo zamtundu wa golide, nsalu yoterera m'kati, ndi kawindo kagalasi koonera nkhope. Pamwamba pake panali nkhata zikuluzikulu za maluwa apulasitiki. Amuna anaimirira. A Osward analigogoda, linalira molemera, ndipo anayang'ana uku ndi uku kuti onse amve.

Amake Tamara anatuluka m'nyumba opanda nsapato. Bulauzi yawo inali yong'ambika pachifuwa. Dzulo lake amayi ena anafuna kuwasokera, koma iwo anakana, nanena kuti anaing'amba dala, ndiko kulira kwa kwawo. Anazungulira bokosilo pang'onopang'ono, kenako anagwada pamaso pa a Osward monga achitira akazi a m'mudzimo.

"Abambo, mwatilemekeza kwambiri. Koma amuna anga sangagone umu."



Analankhula Chinyanja chawo chodukaduka, Tamara akuwathandiza. Anati kwa Ayuda wolemera ndi wosauka amapita mofanana. Bokosi limakhala la matabwa okhaokha, losapaka utoto, lopanda msomali, lopanda chitsulo chilichonse, kuti zonse zibwerere kudothi limodzi ndi munthu. Nkhope saionetsa, maluwa saika. Anati a Mendelo ayenera kukagona ku Lusaka, kumanda a Ayuda, pafupi ndi makolo awo, ndipo ayenera kuikidwa dzuwa la Lachisanu lisanalowe, chifukwa likalowa Sabata yayamba ndipo palibe kukumba kapena kuyenda. Anzawo ochepa a ku Lusaka analonjeza kukumba manda ndi kusambitsa mtembo. Chimene chinkasowa chinali galimoto.

Wina anaimbira foni wogulitsa mabokosi uja. Yankho linali lalifupi. Bokosi likatuluka m'sitolo silibwereranso, chifukwa palibe angagule bokosi limene linafika kale pamaliro a wina.

Ndalama zonse za chipepeso zinali pabwalopo, zikunyezimira padzuwa.

4. Mawu a malume

A Osward anachoka pabwalo n'kukakhala pachitsa kuseri kwa khola. Perpetua anawatengera madzi m'kapu, anagwada n'kuwapatsa. Anamwa, kenako anamuloza ndi kapu yomweyo.

"Khala pansi, iwe Perpetua, umve. Ndakuona kuyambira dzulo ukulowa ndi kutuluka m'nyumba imo ngati ndiwe mwana wa pakhomopo. Anthu awa takhala nawo bwino, inde. Madzi tamwa, sindikukana. Koma lero wadzionera wekha. Midzi yonse yasonkha, amasiye atulutsa za sopo, ine ndakwera minibasi osadya kanthu, ndasankha bokosi limene ngakhale a kansala sadzagonamo. Iwo akuti chiyani? Akuti sitikulifuna. Pamaso pa anthu, pamaso pa akamwini anga. Mwambo wa eni ndi wa eni. Ukaulowerera udzachita manyazi ngati amene ndachita ine lero. Ife tachita mbali yathu, Mulungu waona. Zotsalazo asamale abale awo a ku Lusaka. Iwe ndiwe mbumba yanga, ndipo ndikukuuza kuti ubwerere kunyumba, ukatenge mabuku ako. Maliro awa atha kwa ife."

Perpetua analandira kapu. Sanadzuke.

"Malume, musanakwere minibasi, munawafunsa?"

"Kufunsa chiyani? Bokosi n'lofunsa?"

"Chaka chatha mjigo wa kwanu utafa, a Mendelo anayamba akufunsani kuti ukulira bwanji, asanamasule kanthu. Munawafotokozera mpaka kuyerekeza kulira kwake ndi pakamwa. Tonse tinaseka."

A Osward anamuuza kuti pakamwa pakepo n'pa amake, ndipo tsiku lina padzamulowetsa m'mavuto. Kenako anadzuka, anatenga chipewa chawo n'kulowera njira ya kwawo osatsanzika munthu.

5. Mtedza wa njinga

Pakati pa odzapepesa panali a Trevor a ku Vubwi, mwini kalole konyamula katundu kotchedwa kanta, amene sabata imeneyo ankagula mtedza m'midzi ya kumeneko. A Mendelo anakonzapo mjigo wa kwa amayi awo, kufupi ndi malire a Mozambique, osalandira kanthu. Amuna anawazungulira n'kuwapempha kuti poti akupita kale ku Lusaka ndi katundu, angoika bokosi pamwamba pa matumba.

A Trevor anakana. Anati mtedza wokwera limodzi ndi mtembo palibe angaugule, nkhani yotere imafika kumsika galimoto isanafike. Anati angathe kutsitsa katundu yense n'kupita opanda kanthu, ndipo za thukuta lawo safuna kumva. Koma kanta siyenda ndi chisoni. Imafuna dizilo wopita ndi wobwerera, ndipo ndalama zawo zonse zinali m'matumba a mtedza.

Amuna anayang'ana pansi. Aliyense anali atapereka kale dzulo.

Perpetua anapeza amayi ake kuseri kwa nyumba akutsuka mbale za anthu a pamaliro. Anawauza kuti akufuna kupereka mtedza wake kwa a Trevor kuti augulitse n'kugula dizilo. A Edith anapukuta manja pachitenje n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mtedzawo ndi wako, sindinagwirepo khasu. Koma umve bwino usananyamule thumba. Ukapereka, wapereka. Njinga kulibe chaka chino, ndipo ine ndilibe pokutengera ina. Udzayenda wapansi m'dzinja, matope mpaka m'mawondo, anzako akukudutsa ndi mabelu. Tsiku limenelo usadzabwere kuno ndi nkhope yokwinya, usadzayang'ane Tamara ngati ali nawe ngongole. Sadzakhala nayo. Usadzaimenso kutchalitchi kapena kusukulu kuti anthu akuombere m'manja. Wamva zimene zachitika ndi malume ako. Mtima wawo unali wabwino, koma anafuna kuti mphatso yawo ioneke kuposa womwalirayo. Chinanso, pita kaye ukafunse mwini maliro ngati akulola. Tsiku limodzi lokha tisalakwe kawiri."

Perpetua analowa m'nyumba. Amake Tamara anali pamphasa, galasi la pakhoma ataliphimba ndi nsalu. Anamvetsera mpaka mtsikanayo atamaliza. Poyamba anakana, nati mwana wa sukulu sangalipire ulendo wa munthu wamkulu. Perpetua anayankha kuti mtedzawo unamera ndi mvula, koma iye amene anaulima anakula ndi madzi a pamjigo. Mayiwo anatseka maso, kenako anagwedeza mutu movomera.

Perpetua anabwereka wilibala kwa aneba. Thumba loyamba analikankha yekha kudutsa pakati pa bwalo, thukuta lili kamukamu, wilo likulira. Anthu anapatuka. Pobwera ndi lachiwiri, anyamata awiri anamulanda wilibala. Pofika lomaliza, pambali pa kanta panali kale zinthu zimene iye sanabweretse: ndowa za soya, thumba la mpendadzuwa, ndi mbuzi yaikazi imene mayi wina wamasiye anaimangirira kutayala.

A Trevor anapisa dzanja m'thumba limodzi, anaswa mtedza ndi zala n'kuutafuna.

"Uwu ndi chalimbana weniweni. Walima ndani?"

"Ine."

"Ndiye tipita."

6. Matabwa a padenga

Galimoto inapezeka, koma bokosi panalibe. Mmisiri wa matabwa wa m'mudzimo anati angathe kupanga lopanda misomali, lolumikiza ndi zikhomo zamtengo, koma matabwa ouma analibe. Amayi a Chigwirizano anali atatulutsa kale nsalu yoyera imene anagula kuti asokere mabulauzi atsopano, n'kuipereka kuti ikafunditse mtembo panjira. Ya mabulauzi anati adzaona chaka chamawa.

Anthu akadali kukambirana zochotsa chitseko cha kalasi ya Sande sukulu kuti apangire bokosi, kunamveka ngolo. Anali a Osward, akuyendetsa okha ng'ombe. M'ngolomo munali matabwa a mlombwa aja, fumbi la padenga likadali pomwepo.

Sanayang'ane munthu. Anatsika, anapita pakhomo la nyumba, anavula chipewa n'kugwada pakhonde. Anthu a ku Kamphasa anali asanaonepo a Osward atagwadira munthu wamkazi.

"Amayi, ndabwera kudzafunsa. Matabwa awa ndi osapaka kanthu. Kodi angaloledwe?"

Amake Tamara anatuluka, anawasisita ndi dzanja, nati angaloledwe.

"Nanga guluu?"

"Guluu alibe vuto."

"Chingwe chonyamulira?"

"Chikhale cha thonje kapena cha khonje."

Anafunsa mafunso ambiri tsiku limenelo kuposa amene anafunsa chaka chonse. Kenako anavula jekete n'kugwira sowo limodzi ndi mmisiri. Amuna ena ankasema zikhomo, ena ankapala matabwa. Dzuwa litapendeka, bokosi linali litatha. Linali losalala, la makona anayi, lopanda chokongoletsa chilichonse.

A Osward anaima pambali pake. Chala chinanyamuka chokha. Anagogoda, ndipo mlombwa unayankha ndi mawu akuya. Sanayang'ane uku ndi uku.

A Edith anafika kumbuyo kwawo n'kuloza bokosi lagalasi lija, limene anyamata ankalinyamula kukalisunga m'chipinda cha kutchalitchi.

"Achimwene, ndiye kuti lija latsalira inu. Musadandaule, mudzationera pawindo ngati tikulira mokwanira."

Amayi amene anali pafupi anabisa nkhope m'zitenje. Ngakhale Tamara, amene maso ake anali otupa, anaseka pang'ono. A Osward anati mlongo wawoyo akapitiriza adzamusiyira ng'ombe yopunduka yokha.

7. Chikwama

Anagwirizana kuti kanta inyamuke madzulo omwewo, ikatenge mtembo ndi zikalata za kuchipatala ku Katete, kenako ilunjike ku Lusaka. Kutsogolo kunali malo a anthu awiri okha pambali pa dalaivala. Amake Tamara anayenera kukhala kumeneko chifukwa cha msana wawo, pamodzi ndi wothandiza a Trevor. Koma mtembo sukanatsala wokha kumbuyo. Tamara anati akhala ndiye.

Perpetua anayang'ana kumbuyo kwa kantayo. Kunali zitsulo, tenti yong'ambika ndi makoko a mtedza. Anayang'ananso mnzakeyo, wochepa thupi, amene sanadye chilichonse chiyambire dzulo. Anapita kwa amayi ake n'kunena kuti apita nawo.

A Edith anayang'ana a Osward, poti mwini mbumba ndiye amaloleza mwana kuyenda ulendo wotere. A Osward anapukuta utuchi m'manja.

"M'mawa ndinakuuza kuti ubwerere kunyumba, sunamve. Tsopano umve izi. Kumene ukupitako si kwanu. Ukafika, usatsogole. Akaimirira, imirira. Akakhala chete, tseka pakamwa pakopo, ngakhale ndikudziwa kuti n'kovuta. Nyimbo zathu usayambitse pamanda pawo. Chimene sukuchidziwa, funsa. Chakudya chimene akupatsa, landira, ndipo usakafunse za kapenta kapena nyama. Akakufunsa kuti ndiwe yani, usanene dzina lako lokha. Unene kuti watumidwa ndi anthu a ku Kamphasa, amene ankamwa madzi a munthuyu."

Anavula chikhoti chawo chachikulu cha kumaliro n'kumuponyera, nati kumbuyo kwa galimoto kumazizira kuposa mmene mwana wa sukulu angaganizire.

Perpetua anathamangira kunyumba. Chipinda chake chinaoneka chachikulu, pakona paja patangotsala chizindikiro cha matumba pafumbi. Anakhuthula mabuku m'chikwama cha sukulu. Anaikamo chitenje, diresi lakuda, mswachi, botolo la madzi ndi mbatata zootcha zimene amayi ake anakulunga m'pepala.

Pobwerera anadzera kusukulu ya pulayimale. Tamara anali atamuuza kuti kwawo, m'malo mwa maluwa, munthu amaika kamwala pamanda. Pamjigo paja paipi inali pomwe a Mendelo anaisiya. Ana anali atayamba kale kutunga kudambo. Perpetua anatola mwala wosalala m'ngalande ya madzi, anaupukuta pasiketi n'kuuika pansi penipeni pa chikwama.

Atafika, bokosi linali litakwezedwa kale. Tamara anatuluka m'nyumba, anakhudza kabokosi ka pachitseko kaja n'kupsompsona zala zake. Anthu a mudzi wonse anaima m'mbali mwa njira, amuna zipewa zili m'manja.

A Trevor ankazungulira galimoto akumenya matayala ndi phazi. Pa lakumbuyo kumanzere anaima, anawerama, analisisita ndi chala. Anaitana wothandiza wawo n'kumufunsa motsitsa mawu ngati tayala lapadera lija analimatitsa. Mnyamatayo anakanda m'mutu.

"Mapiri a ku Luangwa ndi tayala ili," anatero a Trevor, osauza munthu aliyense.

Perpetua anamva. Anayang'ana dzuwa, limene linali litayamba kufiira kumadzulo, kumene msewu ukulowera. Anamanga zingwe za chikwama, anachiponya m'galimoto, n'kutambasula dzanja kuti Tamara, amene anali atakwera kale, amukoke.